Tenti ya chamba si ya mnyamata wa ku Chiromo

Pa mafoni a achinyamata pakuyenda zithunzi za kanyumba kansalu kotalika ngati munthu woimirira, kakuda kunja, konyezimira mkati, kotseka ndi zipi. Ogulitsa amakatcha tenti. Kudenga kwake kumalendewera nyale yowala kwambiri, pambali pali fani ndi paipi yotulutsira fungo, ndipo pansi pamakhala zidebe ziwiri kapena zitatu momwe mwamera chamba. Abale athu amene ali ku Joni amaziona zimenezi zikugulitsidwa poyera m'masitolo a ku Johannesburg ndi Cape Town. Uthenga umene umabwera ndi zithunzizo ndi wokoma m'khutu: tsekera mbewu m'chipinda, palibe angaione, ndalama izibwera yokha. Chithunzi chimene akuchiona mwana wa bwana ku Area 47 chikufikanso pa foni ya mnyamata wa ku Chiromo amene walemba mayeso a Folomu 4 n'kusowa kolowera.

Ndinena mosapsatira mawu: tenti imeneyi si njira ya mnyamata ameneyu, ndipo aliyense amene angamunyengerere kuti agulitse mbuzi za mayi ake n'kuitanitsa katundu wotereyu akumukankhira kundende. Komabe mkwiyo wanga waukulu suli pa tentiyo ayi. Uli pa lamulo lathu la chamba, limene linatsegulira chitseko anthu a madola ndi mipanda ya njerwa, mlimi wamng'ono n'kumusiya panja. Lamuloli likapanda kukonzedwa, wandalama apitiriza kulima, kaya poyera ndi chiphaso kaya mwakabisira kuseri kwa geti, pamene wosauka azingogwidwa pa rodibuloko ndi kathumba kake.

Tentiyi inabadwira kumayiko ozizira, kumene dzuwa limasowa kwa miyezi yambiri komanso kumene olima ankabisala apolisi. Ntchito yake ndi kulowa m'malo mwa dzuwa ndi mphepo basi. Inatchuka poyera malamulo a kumeneko atasintha. Ku Canada, kuyambira pa 17 Okutobala 2018, lamulo la dziko limalola nyumba imodzi kukhala ndi mitengo inayi ya chamba. Ku Germany, kuyambira pa 1 Epulo 2024, munthu wamkulu akhoza kudzala itatu. Ku South Africa, bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula pa 18 Seputembala 2018 kuti munthu wamkulu sangamangidwe chifukwa cholima kapena kusuta chamba chake pamalo pake, ndipo mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lolongosola zimenezi. Koma otumiza zithunzi aja amaiwala kunena chinthu chimodzi: ngakhale ku Joni komweko, ukatulutsa chamba m'tenti mwako n'kuyamba kugulitsa, wapalamula. Chuma chimene amalonjeza kulibe ngakhale kumene tentiyo ikuchokera.

Ndipo dzuwa la m'botolo limeneli ndi lodula. Nyale ya mawati 200 ikayaka maola 18 pa tsiku imadya mayunitsi 3.6, kutanthauza oposa 100 pa mwezi, osawerengera fani. Ku America, katswiri wina wa za magetsi, Evan Mills, anawerengera mu 2012 kuti ulimi wa chamba wa m'nyumba unkameza pafupifupi 1 peresenti ya magetsi onse a dzikolo. Kumeneko n'kwa anthu amene magetsi sawathima. Nanga kuno?

Ku Chiromo dzuwa silisowa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, moti malata amalira masana ndipo anthu amagona panja usiku. Kuyatsa nyale yotentha m'kanyumba kotsekeka, mkati mwa chipinda chamalata, m'nyengo yotereyi, n'kuphika mbewu; kuti isafe, pafunikanso makina oziziritsa mpweya, amene kudya kwake magetsi kumaposa kwa nyaleyo. Mabanja ambiri m'dera la Mfumu Mlolo alibe n'komwe waya wa ESCOM. Ali ndi kasola kotchajira foni ndi kuyatsa babu limodzi. Amene ali ndi waya akukumbukira bwino Januwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yoposa chaka. Onjezanipo madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019 ndi a namondwe Freddy mu 2023. Nyumba imene mtsinje wa Ruo ukhoza kuilowa usiku umodzi si malo osungiramo zipangizo za mamiliyoni. Matenti amene anthu a ku Chiromo ndi Makhanga amawadziwa ndi aja anagonamo m'misasa madzi atawalanda zonse, ndipo palibe amene amawalakalaka.

Zonsezi zikanatheka, lamulo silikulola. Apa achinyamata ambiri asokonezeka, chifukwa anamva pa wailesi kuti "chamba chavomerezeka". Chimene Nyumba ya Malamulo inachita mu Febuluwale 2020 n'kukhazikitsa lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, pansi pa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Cha m'mafakitale ndi chija chopangira zingwe, nsalu, mafuta ndi zomangira, chimene mphamvu yake yoledzeretsa siyenera kupitirira 1 peresenti. Kusuta sikunaloledwe. Kudzala wopanda chiphaso sikunaloledwe, kaya ndi ekala yathunthu kaya ndi mtengo umodzi m'chidebe. Chilango chimene lamulolo linaika kwa olima ndi ogulitsa mozemba chimafika pa zaka 25 m'ndende ndi chindapusa cha K50 miliyoni. Zipi ya tenti siteteza munthu ku zimenezi.

Tsono chiphasocho n'cha ndalama zingati? Mitengo imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 pa chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Inalembedwa m'madola, m'dziko limene mlimi amagulitsa mbewu zake m'makwacha. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola ya ku banki inafika cha m'ma K1,750. Pamenepo madola 10,000 ndi K17.5 miliyoni, ndipo madola 2,000 ndi K3.5 miliyoni. Imeneyo ndi ya pepala lokha, usanagule mbewu, usanamange mpanda, usanalembe alonda. Mayi amene amalima chitowe ndi mapira kumunda, chimanga ndi mbatata kudimba madzi akaphwa, adzaiona liti ndalama imeneyi? Amauzidwa kuti alowe m'makopaletivi. Chabwino, mutu umodzi susenza denga. Koma alimi 100 amene aliyense wangotuluka kumene mu msasa, akadasonkha K175,000 aliyense, akadaitenga kuti?

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza za tsankho akumbukire chaka cha 2022 ku Blantyre. Mkulu wa kampani ina yaikulu anapezeka wolakwa pa mlandu wolima chamba kunyumba kwake. Bwalo linamulamula kulipira K1 miliyoni, ndipo anakagona pabedi pake. M'nyengo yomweyo mnyamata wina wosakwana zaka 20 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 8 atapezeka ndi chamba. Anthu anayenda mu msewu kudandaula, ndipo bwalo lalikulu linachepetsa zakazo kufika pa zitatu. Odziwa malamulo adzati milandu iwiriyi inali yosiyana, popeza wa mnyamatayo unali wa matumba ambiri, ndipo akunena zoona. Koma Amalawi anaona chimene anaona. Chindapusa cha K1 miliyoni kwa bwana ndi ndalama ya mafuta a galimoto. Kwa msodzi wa m'Dambo la Njovu ndi bwato, maukonde ndi ng'ombe ya abambo ake pamodzi. Chilango cholembedwa mofanana pa pepala chikafika pa anthu awiri osiyana matumba, mmodzi chimamukanda, wina chimamuthyola msana. Ulimi wa chamba wa pakhomo m'dziko muno uli ndi eni ake kale: ndi amene ali ndi mpanda wautali, jenereta ndi loya.

Chowawa kwambiri n'chakuti dzina limene tikufuna kugulitsa kunja silinapangidwe ndi anthu amenewa. Malawi Gold inamveka mpaka ku Amsterdam chifukwa cha alimi osadziwika a m'mapiri a Nkhotakota, Ntchisi, Kasungu, Mzimba ndi Nkhata Bay, amene anasankha ndi kusunga mbewuyi m'badwo ndi m'badwo, n'kumaikulunga m'makungwa a nthochi. Anaisunga akuthamangitsidwa, minda yawo ikuzulidwa ndi kutenthedwa. Sindikuwayeretsa, ankaswa lamulo. Koma tsiku limene dziko linaganiza kuti mbewuyi ndi chuma, anthu okhawo amene ankaidziwa bwino sanaitanidwe pa mkeka. Lamulo la 2020 linatsamira pa mbewu zochokera kunja, ndipo yathuyi inatsala m'gulu la zoletsedwa.

Ulendo wake tonse tinauona. Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, Boniface Kadzamira, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti dziko liganizire za chamba cha m'mafakitale, ndipo anzake ena anamuseka. Kampani ya Invegrow inayesa mbewuyi ku Chitedze. Lamulo linadutsa mu 2020, Lesotho ndi Zimbabwe atatitsogolera kale. Mu Novembala 2021 nduna ya zaulimi ya nthawiyo, Lobin Lowe, inalembera kalata katswiri wankhonya Mike Tyson kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Mu Marichi 2024 aphungu anavomereza bilu ya phungu Peter Dimba yofuna kulowetsa chamba chathu cha makolo mu ulimi wovomerezeka, ngakhale kusuta kunakhalabe koletsedwa. Pa sitepe iliyonse tinauzidwa kuti mbewuyi idzalowa m'malo mwa fodya pobweretsa ndalama zakunja. Funso langa ndi lakuti: pa zaka zonsezi, ndi liti pamene wina anakhala pansi ndi alimi a ku Makhanga, Muona kapena Bangula n'kuwafotokozera m'chinenero chawo kuti lamulo likuti chiyani, chiphaso chimatengedwa bwanji, ndipo wogula ndi ndani? Tinali ndi nthawi yolembera kalata munthu wa ku America. Ya mlimi wa kuno inasowa.

Ndikudziwa kuti ena akuwerenga ndi mtima wowawa. Ndi makolo amene mwana wawo anayamba kusuta ali ku pulayimale, lero akuyenda akuyankhula yekha pa msika. Ndi abusa, mashehe ndi aphunzitsi amene aona ana anzeru akuzimirira. Nkhawa yawo ndi yoona ndipo ndili nayo inenso. Chamba chimavulaza, makamaka ubongo wa mwana amene akukula, ndipo ogwira ntchito ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu amachitchula pakati pa zinthu zimene zimabweretsa anyamata ambiri m'manja mwawo. Kuchokera ku Chiromo kukafika ku Zomba ndi wodwala wotere ndi ulendo wa misozi. N'chifukwa chake sindikupempha kuti chamba chizigulitsidwa pa benchi ngati tomato, kapena kuti nyumba iliyonse ikhale ndi kamunda kake kuseri kwa bafa.

Koma tiyeni tifunsane moona mtima: kodi dongosolo la lero lateteza mwana ameneyu? Chamba chikupezeka pa trading centre iliyonse, ndipo wogulitsa mozemba safunsa zaka za wogula. Chobisika ndicho chosalamulirika. Munda wolembetsedwa, umene mfumu ikuudziwa, mlangizi akuuyendera, zokolola zake zikuyezedwa pa sikelo n'kupita kwa wogula wodziwika, ndi wosavuta kuulondera kusiyana ndi tenti ya m'chipinda kapena munda wa m'nkhalango. Mlimi amene ali ndi chiphaso ali ndi chinthu choti angataye, choncho amasamala. Amene tamutsekera kunja alibe chomumanga. Makolo amene akuopa chamba ayenera kukhala oyamba kufuna kuti ulimi wake utuluke poyera, ndi kuti gawo la ndalama za ziphaso lizipita ku chithandizo cha achinyamata amene avulala nacho, m'zipatala za maboma monga Nsanje ndi Chikwawa.

Kwa iwo amene akulota kuti chamba chidzachotsa umphawi m'Chigwa cha Shire chaka chamawa, nawonso ndili nawo mawu. Chigwa chino chinamvapo malonjezo otere. Thonje linkatchedwa golide woyera, ndipo agogo athu analilima pa nthawi ya atsamunda ndi ya ADMARC yomwe. Mlimi wa thonje akuuzani zimene zimachitika mtengo ukagwa mbewu ili kale m'nyumba, ngongole ya mankhwala ikudikira. Mbewu imene sungaiphike ndi yoopsa ngati msika wake sukudziwika. Thonje ukhoza kulisunga, kapena kuligulitsa kwa wina motchipa. Chamba cha chiphaso sungapite nacho pa msika wa Bangula wogula akakukana. Ukatero wasanduka wamlandu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlimi asazule mapira ake chifukwa cha msika umene wangoumva pa wailesi.

Chitsanzo chabwino chili pafupi, ku Chikwawa komwe kuno. Alimi a kopaletivi ya Phata anaphatikiza minda yawo, analemba akatswiri owayendetsera ntchito, ndipo nzimbe zawo zimapita ku fakitale ya Illovo ku Nchalo pa mgwirizano wodziwika. Wogula analipo mbewu isanadzalidwe. Umu ndi mmene mbewu yatsopano iyenera kulowera m'mudzi. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, ikufuna alimi agwire ntchito m'magulu otere. Ngati boma likukhulupiriradi chamba cha m'mafakitale, liyese kaye mbewu zake pa nthaka ndi kutentha kwa kuno, m'malo ofufuzira zaulimi monga Kasinthula ndi Makhanga, n'kutiuza zotsatira poyera. Mbewu imene inachita bwino ku Chitedze, pa chitunda cha Lilongwe, si umboni wakuti ichitanso bwino pa madigiri 40.

Ndipo ngakhale itachita bwino, idzatuluka bwanji? Aliyense amene anawolokapo pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Makhanga, akudziwa. Njinga zamoto, matumba a mpunga wa ku Muona, mayi wodwala ndi ana asukulu, onse amakwera bwato limodzi, opalasa akulimbana ndi madzi a Shire, pamalo pamene kale pankadutsa msewu ndi njanji. Madzi anadula pamenepa mu 1997. Chiromo ameneyu anali doko la sitima zapamadzi zochokera ku Chinde, ndipo njanji yomwe inafika ku Blantyre mu 1908 inadutsa pano. Lero mwana wobadwa chaka chimene msewu unaduka ndi bambo wa ana, ndipo sanaonepo galimoto ikuwoloka kuchoka ku Bangula kupita ku Makhanga. Palibe kampani yogula mbewu ya mankhwala imene ingasainire mgwirizano ndi alimi amene katundu wawo amadalira bwato. Kulankhula za golide wobiriwira kwa anthu amenewa mlatho usanamangidwe n'kuwanyoza.

Choncho zimene ndikupempha ndi zomveka. Mitengo ya ziphaso kwa Amalawi ilembedwe m'makwacha, ndipo pakhale chiphaso cha mlimi wamng'ono chimene gulu la m'mudzi lingakwanitse, cholipira pang'onopang'ono kapena pambuyo pa kukolola. Cannabis Regulatory Authority isalole kopaletivi kusonkhetsa alimi ndalama isanaonetse mgwirizano wolembedwa ndi wogula weniweni, ndipo mayina a ogula ovomerezeka azilengezedwa pa wailesi za m'madera, m'Chichewa ndi m'Chisena. Mbewu yathu ya makolo ilembetsedwe ngati chuma cha dziko, ndipo madera amene anaisunga apindule nayo poyamba. Mabwalo a milandu apatsidwe ndondomeko yosiyanitsa mnyamata wopezeka ndi ndudu ziwiri, wonyamula katundu wa eni ake, ndi mwini katunduyo amene kawirikawiri sagwidwa. Ndende zathu zadzaza kale; kutsekeramo achinyamata chifukwa cha zochepa n'kuwaphunzitsa umbava pa ndalama za misonkho yathu.

Kwa iwe mnyamata wa ku Chiromo, Makhanga kapena Bangula: usaitanitse tenti, ndipo usadzale ngakhale mtengo umodzi kudimba, chifukwa lamulo la lero lidzakupeza ndipo sudzakhala ndi K1 miliyoni yodziombolera. Mphamvu zako uziike pa kufuna kuti lamulolo lisinthe. Pita ku msonkhano wa makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC ukafunse. Mafumu athu, inu amene mumaitanidwa kukatsegulira misonkhano ya chitukuko, funsani alendo a magalimoto akuluakulu kuti anthu anu alowa pati.

Ndipo inu aphungu a Nsanje ndi Chikwawa, Nyumba ya Malamulo ikakumana imirirani mufunse nduna ya zaulimi mafunso atatu: mwa ziphaso zonse zimene zaperekedwa kuyambira 2020, ndi zingati zili m'manja mwa alimi ang'onoang'ono? Ndi alimi angati amene anagulitsa zokolola zawo n'kulandira ndalama? Nanga m'Chigwa cha Shire mwafika zingati? Mayankhowo muwabweretse kuno, muwawerenge pamaso pa anthu. Phungu amene sangafunse zimenezi adzatiuze pa chisankho chikudzachi kuti ku Lilongwe akuimira yani.